Chimene chimagwaditsa wilo la Triumph Spitfire pabwalo la mpikisano

Triumph Spitfire ndi kagalimoto ka mipando iwiri, kotsegula pamwamba, kamene kankapangidwa ku Coventry ku England kuyambira 1962 mpaka 1980. Anatulutsa magalimoto oposa 300,000, ndipo mu 1965 awiri mwa iwo anamaliza mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ku France, imodzi n'kupambana m'gulu lake. Lero ambiri ali m'manja mwa anthu wamba amene amawasunga m'galaja sabata yonse, Loweruka n'kupita nawo kubwalo kukawathamangitsa. Amene akhala ndi galimoto imeneyi nthawi yaitali amadziwa malo awiri amene imakonda kuthyokera. Oyamba ndi kutsogolo, pamene wilo limagwirana ndi mkono wapansi wa sasipenshoni. Pakathyoka pamenepo wilo limagwadira m'kati, mphuno ya galimoto n'kugwa pa tala. Amene anaonapo minibasi itagwada m'mbali mwa msewu ball joint itazuka akudziwa kale maonekedwe ake. Achiwiri ndi kumbuyo, pa shafti yozunguza wilo. Imeneyo ikaduka wilo limachoka lonse n'kumapita lokha, dalaivala akuliona.

Zikachitika, anthu amangoti chitsulo chinakalamba. Mawuwa ali ndi zoona zake pang'ono, koma amabisa zambiri. Chitsulo chosungidwa pouma sichifooka chifukwa chongowerenga zaka. Chimene chimachipha ndi mng'alu, ndipo mng'aluwo umakhala utayamba kalekale, ukukula pang'onopang'ono popanda wouona. Tsiku lothamanga limangomalizitsa. Kawirikawirinso chimene chimaufulumizitsa si ukalamba wa galimoto ayi, koma zinthu zatsopano zimene mwini wake waikapo pofuna kuti izithamanga bwino.

Galimoto yonse yalendewera pa mathiredi

Sasipenshoni ndi zonse zimene zimalumikiza wilo ku chasisi: mikono yachitsulo, masipuling'i, mashoko, mabushi ndi majointi. Imayenera kulola wilo kukwera ndi kutsika, komanso kutembenuka ngati ndi lakutsogolo, koma osalilola kusunthira kwina kulikonse ngakhale kona kapena mabuleki zikulikankha.

Kutsogolo kwa Spitfire kuli mikono iwiri mbali iliyonse, wam'mwamba ndi wapansi, yonse yooneka ngati chilembo cha V. Pakati pa mikonoyi pamaima chitsulo chimene amakaniko a magalimoto amenewa amati vertical link. Pa chitsulo chimenechi ndi pamene pamangidwa kashafti kozungulirapo wilo, buleki, ndi mkono wochokera ku chiwongolero. Pamwamba chimagwidwa ndi ball joint wamba. Nkhani ili pansi. Kumapeto kwake kuli mathiredi ngati a bawuti, ndipo kumapotedwa kulowa m'kachikho ka mkuwa kotchedwa trunnion. Kachikhoko n'kamene kamangidwa ku mkono wapansi ndi bawuti yopingasa. Dalaivala akakhotetsa chiwongolero, vertical link imazungulira mu trunnion pa mathiredi omwewo, kumangika pang'ono kapena kumasuka pang'ono. N'chifukwa chake trunnion yakumanja ndi yakumanzere sizisinthanitsidwa, mathiredi ake amayenda mosiyana.

Tsono taonani kumene kulemera kwa galimoto kumadutsa. Sipuling'i ndi shoko zatsamira pa mkono wapansi, zikuukankhira pansi. Msewu ukukankhira wilo m'mwamba, wilo nalo likunyamula vertical link. Ndiye kuti nthawi zonse, ngakhale galimoto itangoima pakhomo, vertical link ikukokedwa kuti izuke mu trunnion, ndipo chimene chikuletsa ndi mathiredi okhawo, pa chitsulo chonenepa ngati chala chachikulu cha kumanja. M'kati mwa chitsulocho anaboolamonso kanjira ka oyilo. Poponda mabuleki kapena pokhota, malo omwewa amapindidwanso, ndipo kupindikako kumaunjikana pa mathiredi oyamba am'mwamba, pamene chitsulo chimatulukira mu trunnion. Vertical link zambiri zimathyokera pamenepo.

Munthu asafulumire kunena kuti anapanga zolakwika. Zitsulozi zinkapangidwa ndi kampani ya Alford & Alder ndipo zinatchuka ndi Triumph Herald ya 1959. Zinali zopepuka, zotsika mtengo, komanso zolimba mokwanira moti kampani ya Lotus inaziika pa magalimoto ake othamanga a Seven ndi Elan. Ngakhale Brabham BT19, galimoto imene Jack Brabham anapambanira ukatswiri wa Formula 1 mu 1966, inali ndi zitsulo zochokera ku Herald kutsogolo kwake, zitangosinthidwa pang'ono. Koma zimenezo zinali zatsopano, pa galimoto yophwasulidwa ndi kuunikidwa pafupipafupi. Sizinagonepo m'madzi amchere a m'misewu ya ku Britain kwa zaka 50.

Buku la Triumph limati mu trunnion muziikidwa oyilo wa giya wa EP90, osati girisi. Vuto n'lakuti pothirira pake pamaoneka ngati pa girisi, ndiye makaniko amene saidziwa galimotoyi amangopopera girisi n'kupita. Girisi akauma amatseka kanjira kaja, mathiredi n'kumayenda ouma. Pamwamba pa trunnion pali kalabala koletsa madzi. Kakang'ambika madzi amalowa n'kukhala m'kachikhomo, dzimbiri n'kuyamba kukumba timaenje pa mathiredi oyamba aja, pamalo oipitsitsa amene likanasankha. Eni magalimotowa amakanganabe ngati magirisi ofewa a masiku ano angalowe m'malo mwa oyilo. Ine ndili kumbali ya oyilo pa chifukwa chimodzi: watsopano akamalowa amakankha wakale pamodzi ndi madzi ndi zinyalala, ndipo umaziona ndi maso zikutulukira pa kalabala.

Palinso bawuti yopingasa ija, imene anthu amaiiwala. Imadutsa m'kapaipi kachitsulo ndi mabushi a nayiloni kuti trunnion izitha kugwedera wilo likamakwera ndi kutsika. Dzimbiri likaigwira, trunnion imaleka kugwedera, koma wilo silileka kukwera ndi kutsika. Chimene chimapindika m'malo mwake ndi khosi la vertical link, pa bampu iliyonse.

Mmene mng'alu umayendera

Mwana wopanga galimoto ya mawaya akasowa pulayala sataya nthawi ndi kukoka. Amapinda wayayo uku ndi uku pamalo amodzi mpaka aduke, ndipo mphamvu imene wagwiritsa ntchito ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ingadule waya pokoka. Akatswiri amati kumeneku ndi kutopa kwa chitsulo. Anakuphunzira mowawa pa njanji. Mu 1842 sitima yochokera ku Versailles kupita ku Paris inachita ngozi chitsulo cholumikiza mawilo a injini chitathyoka, ndipo anthu ambirimbiri anafa. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 katswiri wa njanji wa ku Germany, August Wöhler, anapanga makina opinda zitsulo zotere mobwerezabwereza akuwerenga maulendo mpaka zitathyoka.

Zimene anapeza n'zimene zikugwirabe ntchito. Moyo wa chitsulo umadalira kukula kwa mphamvu imene ikuchipinda ndi kuchuluka kwa maulendo. Chitsulo chosalala bwino chili ndi malire ake: mphamvu ikakhala pansi pa malirewo chimatha kupindidwa mpaka kalekale osang'aluka, koma ikangodutsa, ulendo uliwonse ukudya moyo wake ndipo umene wadyedwa subwerera. Zinthu ziwiri zimasokoneza chitetezo chimenechi. Dzimbiri limachotseratu malirewo, chifukwa kadzenje kalikonse ndi chiyambi cha mng'alu. Aluminiyamu nayenso alibe malire otere n'komwe. Chinanso n'chakuti moyo wa chitsulo sutsika mofanana ndi kukwera kwa mphamvu. Pa malo owotcherera, mwachitsanzo, mphamvu ikachuluka kawiri, maulendo amene malowo angapirire amachepa pafupifupi kasanu ndi katatu.

Chitsulo chothyoka chimanena chokha mbiri yake. Mukatenga chidutswa cha vertical link n'kuyang'ana nkhope ya pothyokapo, mumaona zigawo ziwiri. Chigawo china n'chosalala, chakuda kapena chofiirira ndi dzimbiri ndi oyilo wakale, ndipo chili ndi timizere topindika, kamzere kalikonse kukulirapo kuposa kanzake, tonse tozungulira kadontho kamodzi m'mphepete. Kadonthoko ndi pamene mng'alu unayambira. Timizereto tikuonetsa pamene unaima ndi pamene unayambiranso kuyenda. Chigawo chinacho n'chowala, chokhakhala ngati shuga, chopanda dzimbiri ngakhale pang'ono. Chimenecho n'chimene chinathyoka lero. Akale akaona kukhakhalako ankati chitsulo chasanduka njerenjere ndi ukalamba, koma si choncho, umo ndi mmene chitsulo cholimba chimaonekera chikaduka kamodzin'kamodzi. Chigawo chowala chikakhala chaching'ono, dziwani kuti galimoto yakhala ikuyenda nthawi yaitali pa kachitsulo kotsalako. Chikakhala chachikulu, ndiye kuti panali kugunda kwamphamvu kumene kunamaliza msanga mng'alu umene unali usanapite patali.

Zimene bwalo limawonjezera

Pamsewu, galimoto yakale imakhota mwamphamvu mwa apo ndi apo. Pabwalo imachita zimenezi pa kona iliyonse, ulendo uliwonse wozungulira, kwa mphindi 20 kapena 30 osapuma, ikutuluka m'mabuleki amphamvu n'kulowa m'kona nthawi yomweyo. Mphamvu yokankhira galimoto kunja kwa kona simakula mofanana ndi liwiro. Liwiro likachuluka kawiri pa kona yomweyo, mphamvuyo imachuluka kanayi. Ndipo pafupifupi kulemera konse kumasamukira ku mawilo akunja, ndiye katundu amene pamsewu wowongoka amagawana awiri akunyamulidwa ndi mmodzi. Onjezanipo timizere takonkire tokhala ndi mano m'mphepete mwa makona, timene madalaivala amadutsapo dala pofuna kufupikitsa njira. Kulikonse kumene wilo lagunda pamenepo ndi nkhonya pa mathiredi aja.

Koma chachikulu ndi matayala. Spitfire yoyamba inatuluka ndi matayala opyapyala a 5.20 x 13, a mtundu wakale wa crossply. Matayala amenewa sankagwira kwambiri msewu. Dalaivala akalowa m'kona mopitirira, ankayamba kutsetsereka, ndipo kutsetserekako kunali kuika malire pa mphamvu imene ingafike ku zitsulo. Amene anajambula sasipenshoni ankawerengera matayala amenewo. Lero munthu amagula matayala ofewa a mpikisano, otakata, amene akatentha amamatirira pa tala moti amatha kukana mphamvu yofanana ndi kulemera kwa galimoto yonse, mwinanso kuposa. Nthawi yozungulira bwalo imatsikadi, aliyense n'kumuyamikira. Koma mphamvu imene kale inkathera m'kutsetsereka tsopano ikudutsa mu rimu, mu bering'i, mu kashafti, mpaka pa khosi la vertical link. Tikakumbukira mmene moyo wa chitsulo umagwera mphamvu ikakwera pang'ono, sizodabwitsa kuti chitsulo chimene chinapirira zaka makumi angapo pamsewu chimatha m'nyengo zochepa za mpikisano.

Zina zimene anthu amaika zimakokera komweko. Marimu otakata otulukira kunja, kapena zitsulo zoika kuseri kwa rimu kuti galimoto itangadze, zimatalikitsa mtunda pakati pa tayala ndi bering'i, ndipo mtunda ukatalika mphamvu yopinda imakula. Mabushi olimba a pulasitiki m'malo mwa a labala amachititsa chiwongolero kumvera msanga, koma labala uja ankameza kugunda kumene tsopano kukufika kwathunthu pa mabulaketi a chasisi. Masipuling'i aafupi amatsitsa galimoto mpaka sasipenshoni kumafika pamapeto pake pa bampu, ndipo ikafika pamenepo palibenso chofewetsa. Mabuleki akuluakulu amabweretsa mphamvu yopotokola imene vertical link sinaikonzekere. Chilichonse mwa izi pachokha chili ndi phindu. Cholakwika n'kuziika zonse pa zitsulo zimene palibe amene waziyang'ana chiyambire 1970.

Chodabwitsa n'chakuti vertical link zambiri sizithyokera pa liwiro. Spitfire imakhota kwambiri, imatha kutembenuka pamalo a mamita ochepera 8, ndipo chiwongolero chikafika kumapeto tayala limakhula pansi mokakamiza. Ndiye ambiri amagwadira poimika galimoto, potuluka pageti, kapena pokhotera pamalo okonzera magalimoto atangochoka kuthamanga. Ena amatenga zimenezi ngati chitonthozo, amati imathyoka ukuyenda pang'onopang'ono basi. Umenewo ndi mwayi chabe. Mng'alu womwewo ukanatha kufika pamapeto mphindi zisanu m'mbuyomo, phazi lili pa buleki kumapeto kwa msewu wowongoka.

Kumbuyo nkhani ndi ina, ndipo kumeneko mwayi wotere ndi wochepa. Spitfire ili ndi sipuling'i imodzi yamasamba yogona mopingasa pamwamba pa difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ya injini ku mawilo akumbuyo), ndipo shafti ya mbali iliyonse ili ndi jointi imodzi yokha, kufupi ndi difu. Shaftiyo ikugwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Ikuzunguza wilo, ikunyamula galimoto, komanso ndi imene ikuletsa wilo kulowa m'kati kapena kutuluka kunja pa kona. Mapangidwe amenewa anatchuka ndi vuto lina, loti pa kona yamphamvu wilo lakunja linkapindikira pansi pa galimoto, kumbuyo n'kunyamuka. Triumph inachepetsa vutoli pa Mark IV ya 1970 posintha mamangidwe a sipuling'i. Koma katundu wa shafti sanasinthe.

Shafti yozungulira itanyamula katundu imapindidwa uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse, chifukwa mbali imene inali pamwamba imapita pansi. Tayala la saizi imeneyi limazungulira pafupifupi maulendo 550 pa kilomita, ndiye maulendo 1,000,000 amakwana galimoto isanayende makilomita 2,000. Zimenezi n'zomwezija za Wöhler ndi sitima zake. Kumapeto kwa shafti kumacheperachepera, ndipo chitsulo chomangapo wilo chimakanikizidwa pamenepo, pali kampata kosemedwa kolowamo kiyi. Ngodya za kampatako ndi poyambira ming'alu pabwino kwambiri. Chitsulo chomangapo wilocho chimagwira zolimba moti pochichotsa pamafunika chida chake chapadera. Amene alibe chidacho amatenga hamala ndi moto wa gasi, ndipo shafti imene yamenyedwa ndi kutenthedwa chotero imabwerera pa galimoto itavulala kale.

Ikaduka, wilo limapita pamodzi ndi dramu ya buleki. Ma Spitfire oyamba anali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki ya mawilo onse anayi. Dramu ikachoka, nsapato za buleki zilibenso chozigwira, pisitoni imatuluka, mafuta n'kutayika, pedulo n'kufika pansi. Dalaivala amatsala ndi mawilo atatu, wopanda mabuleki, m'galimoto yotsegula pamwamba. Kutsogolonso paipi ya labala ya buleki imatha kuduka wilo likagwada. Pa chifukwa chimenechi, njira ziwiri za mabuleki ndi chitsulo choteteza mutu galimoto ikagubuduka ndi zinthu zoyenera kugula matayala ofewa asanagulidwe, ngakhale ambiri amayambira ku matayala.

Spitfire si yokha. Austin-Healey Sprite ndi MG Midget zimang'aluka pa tsinde la kashafti ka wilo lakutsogolo. Triumph TR6 imang'aluka pa mabulaketi ogwira mikono yapansi ku chasisi, ndipo kumbuyo mabawuti amazuka m'mikono yake ya aluminiyamu. Galimoto iliyonse yakale ili ndi malo ake, ndipo magulu a eni ake amawadziwa bwino.

Kupeza mng'alu usanamalize

Dalaivala ali pabwalo alibe zambiri zimene angachite chitsulo chikaduka, kupatula kuyang'ana kumene kuli malo n'kuyesa kuloza galimoto kumeneko. Nthawi yake yochitapo kanthu imakhala m'mbuyomo. Chiwongolero chikayamba kulemera kapena kuleka kubwerera chokha pakati, galimoto ikamakokera mbali imodzi poponda mabuleki, pakamveka kugogoda kumene kunalibe m'mawa, kapena pedulo ya buleki ikamatalika potuluka m'makona, ndi bwino kutuluka m'bwalo ulendo womwewo. Ndalama za tsikulo zapita, inde. Chitsulo chikathyoka ndithu, zidutswa zonse ziwiri zitoledwe ndipo zisakhuzanitsidwe poyesa kuzilumikiza, chifukwa kutero kumafufuta timizere tija.

Kukweza galimoto pa jeke n'kugwedeza wilo ndi manja kumaonetsa majointi odyeka ndi mabering'i olekera. Sikuonetsa mng'alu. Mng'alu wotopa umakhala wotsekeka zolimba katundu akachoka, moti ngakhale diso lakuthwa siliuona. Chitsulo chiyenera kuchotsedwa pa galimoto, kutsukidwa, penti yense kuchoka. Ngati ndi chitsulo chogwidwa ndi maginito, amachilowetsa mphamvu ya maginito n'kuchithira madzi okhala ndi fumbi lachitsulo lowala mumdima. Akazimitsa magetsi n'kuyatsa nyali ya kuwala kwa UV, chitsulo chonse chimaoneka chakuda, kupatula pamene pali mng'alu. Pamenepo fumbi limaunjikana n'kupanga kamzere kobiriwira kopyapyala ngati tsitsi, kotsatira chigwa cha thiredi. Pa aluminiyamu, amene maginito samugwira, amapopera utoto wofiira wolowerera, kudikira, kupukuta, kenaka kupopera ufa woyera. Utoto umene unalowa mu mng'alu umatulukanso n'kujambula mzere wofiira pa ufawo. Ntchito zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku m'malo okonzera ndege ndi injini.

Kukongoletsa n'kumene kumapweteketsa ambiri. Penti wa ufa wowotcha mu uvuni ndi wokhuthala ndipo amatamuka, moti chitsulo chimang'aluka pansi iye ali bwinobwino pamwamba. Kukuta zitsulo za sasipenshoni ndi chrome kumatha kulowetsa hayidirojeni m'chitsulo cholimba n'kuchisandutsa chosachedwa kuthyoka. Mkono wopindika pangozi amauwongola ndi moto n'kuupaka penti, vertical link yong'aluka amaiwotcherera. Zonsezi zimaoneka bwino pa chithunzi, koma moto umasintha kulimba kumene chitsulo chinapatsidwa kufakitale, ndipo malo owotcherera amakhala poyambira mng'alu wina. Chitsulo chotere malo ake ndi kudzala. Nawonso mabawuti ali ndi msampha wawo. Triumph inkagwiritsa ntchito miyeso ya mainchi. Bowo la 7/16 ya inchi ndi mamilimita 11.1, ndiye bawuti ya mamilimita 10 imalowa bwinobwino n'kumangika, koma yasiya mpata woposa milimita imodzi woti izigogoda pa buleki iliyonse mpaka bowolo litakula.

Ndani amene akuyang'ana zonsezi? Kawirikawiri palibe. Ku Britain, kuyambira May 2018, magalimoto ambiri opitirira zaka 40 sakakamizidwanso kupita ku MOT, kuunika kwa chaka ndi chaka kofanana ndi COF kwathu kuno. Spitfire iliyonse inadutsa kale zaka zimenezo. Pa masiku amene bwalo latsegulidwa kwa anthu wamba, okonza tsikulo amasamala kwambiri za chipewa cha dalaivala ndi phokoso la ekizozi, za pansi pa galimoto amasiyira mwini wake. Pa mpikisano weniweni pamakhala oyendera magalimoto, koma ali ndi mphindi zochepa pa galimoto iliyonse ndipo sangamasule trunnion. Malamulo a magalimoto akale a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, otchedwa Appendix K, amafuna umboni woti zitsulo zinayezedwa ming'alu pa magulu ena, monga magalimoto akale a Formula 1, koma kagalimoto ka munthu wamba ka Loweruka sikafikako. Mipikisano yambiri ya magalimoto a m'ma 1950 ndi 1960, monga ya ku Goodwood Revival imene inayamba mu 1998, imalamula matayala a Dunlop a mapangidwe akale. Cholinga chake n'choti magalimoto azitsetsereka mmene ankachitira nthawi yawo, koma lamuloli limatetezanso zitsulo, ndipo ndimaona kuti ndi limodzi mwa malamulo anzeru kwambiri m'masewerawa.

Funso lovuta limatsala pa chimene uikepo ukachotsa chakale. Chitsulo choyambirira chochotsedwa pa galimoto ina chinapangidwa bwino, koma palibe akudziwa maenje amene chinagwamo. Chatsopano chopangidwa masiku ano chilibe mbiri yoipa, koma opanga ndi ambiri ndipo si onse amene amatsatira mtundu wa chitsulo ndi kawotchedwe koyenera. Pamaso zonse zimafanana. N'chifukwa chake othamanga osamala amayezetsa ngakhale chatsopano chisanapite pa galimoto, ndipo amafunsa anzawo a m'gulu kuti ndi wogulitsa uti amene zitsulo zake zapirira.

Njira ina ndi kuchotseratu trunnion. Pali vertical link zatsopano zimene pansi pake palibe mathiredi onyamula galimoto kapena kanjira ka oyilo, m'malo mwake pali jointi yozungulira ngati mpira. Kampani ya Caterham, imene inagula ufulu wopanga Seven kwa Lotus mu 1973, inadzasamukira ku njira imeneyi. Kumbuyonso kuli mashafti a chitsulo cholimba kwambiri, ndi mapangidwe ena amene amachotsa katundu wa galimoto pa shafti. Amene amangopita kubwalo kukasangalala alibe chifukwa chokanira zimenezi, makamaka ngati waika matayala ofewa. Koma m'magulu ena a mpikisano lamulo limati galimoto ikhale mmene inalili m'zaka zake, ndipo mkangano wake ndi weniweni: ukalola kusintha kamodzi m'dzina la chitetezo, mawa wina abwera ndi sasipenshoni yonse yatsopano m'dzina lomwelo, n'kumapambana nayo. Amene malamulo amumanga choncho amachita zimene a ndege amachita, kupatsa chitsulo chilichonse nthawi yake n'kuchichotsa nthawiyo ikakwana ngakhale chikuoneka chabwino. Amalemba m'buku la galimoto tsiku limene vertical link inaikidwa, mipikisano imene yathamanga, ndi pamene inagunda chinthu. Mbali imodzi ikapezeka ndi mng'alu amasintha zonse ziwiri, chifukwa inzakeyo ndi ya msinkhu womwewo ndipo inadutsa m'madzi ndi m'mabampu omwewo.